Njinga Yokana Pampu

Lachitatu pa 16 Okutobala 2024, cha m'ma 6 koloko m'mawa, amayi atatu a m'mudzi wa Nakawale anapeza mtembo wa mwamuna mumtsinje wa Lukolo. Mtsinjewo unali wouma, ndipo amayiwo ankapita kukafukula madzi mumchenga. Mtembowo unali chagada pansi pa mkuyu, pafupi ndi pomwe msewu wa ku Makanjira umadutsa mtsinjewo. Anali bambo wachikulire wa ndevu zoyera. Nsapato analibe. Matumba a kabudula wake anali atatulutsidwira kunja.

Pamchenga panali zikhomo zinayi zachitsulo, ndiponso mzere wa matayala opyapyala a njinga wolowera kumsewu.

Mmodzi wa amayiwo, Alima, anatsala akuyang'anira mtembowo. Anzake anathamangira kumzikiti.

Shehe anaimba foni kupolisi ya Likoloma nthawi ili 7:15. Likoloma ili pa mtunda wa makilomita 22 kuchokera ku Nakawale. Galimoto ya apolisi inali itakhala masiku asanu ndi anayi yopanda mafuta. Amene anayankha foniyo anati adikire.

Anadikira. Dzuwa la Okutobala silinadikire. Pofika masana ntchentche zinali zitadzaza, ndipo nkhope inali itatupa. Palibe amene ankamudziwa bamboyo. Atatha mapemphero a masana, akuluakulu a mumzikiti anagwirizana. Che Wadi, mkulu amene amasambitsa maliro m'mudzimo, anamusambitsa ndi kumukulunga m'sanda. Anamuika m'manda a mzikiti nthawi ili 3:30.

Lachisanu pa 18, mayi wina wa zaka 32 anatsika lole pa Likoloma n'kulunjika kupolisi. Anali Cathy Masiye, namwino wa ku Zomba. Anamulandira ndi Sajeni Gilford Tikhala, wofufuza milandu yekhayo pamalopo. Cathy anamuonetsa chithunzi pafoni: bambo wa ndevu zoyera ataima pambali pa njinga yabuluu yokhala ndi zikwama zinayi.

"Bambo anga, a Nathaniel Masiye. Zaka 61. Amandiimbira tsiku lililonse 12 koloko masana. Lachiwiri anaimba. Lachitatu ayi."

"Lachiwiri anati ali pati?"

"Mumtsinje wouma, atadutsa Likoloma. Anati dzuwa lawakanika, akhoma tenti, adzanyamuka m'mawa."

"Kuchokera ku Zomba panjinga? Ankagulitsa chiyani?"

"Sagulitsa kanthu."

"Nanga ankapita kuti?"

"Ku Makanjira."

"Kukatani?"

"Kukafika basi, n'kubwerera."

Sajeni Tikhala anasiya kulemba n'kumuyang'ana. Cathy anali atazolowera kuyang'anidwa chotero. Anafotokoza mwachidule. Bambo ake anali mphunzitsi wamkulu wopuma ntchito. Akazi awo atamwalira mu 2021, anagula njinga ya kaunjika ndi tenti, n'kuyamba kuyenda. Anafika ku Nsanje. Anafika ku Chitipa. Ankagona m'mabwalo a sukulu, m'matchalitchi, nthawi zina kutchire. Cathy anali atawaletsa mpaka kutopa.

Sajeniyo anatsegula buku la madandaulo pa tsamba la Lachitatu. Anawerenga mizere itatu yomwe inalembedwa pamenepo, n'kulitseka.

"Mayi Masiye, mawa tipite limodzi ku Nakawale," anatero.

Ananyamuka Loweruka m'mawa pa njinga zamoto ziwiri za kabaza. Anafika 8:40. Che Wadi anawayalira mphasa pakhonde, n'kulowa m'nyumba. Anatuluka ndi jumbo. M'menemo munali kabudula ndi malaya achikasu, zochapidwa bwino ndi zopindidwa. Malayawo anali ndi matumba atatu kumsana.

"Wakubayo anafufuza kutsogolo kokha," anatero che Wadi. "Munthu wosoka matumba kumsana ife sitinamuonepo. Izi tinazipeza posambitsa."

Anaika pamphasa kapampu kakuda, kotalika ngati chitsononkho, ndi kapepala ka mankhwala a kuthamanga kwa magazi.

Cathy anagwira malayawo. "Ndi iwowo," anatero. Sanalire.

"Zovalazi mwachapa?" anafunsa sajeni.

"Amayi anachapa. Tikanapatsa bwanji abale zovala zamagazi?"

"Ndiye magazi analipo?"

"Pakhosi pa malaya. Bala linali kunkhongo."

"Lotani? La chikwanje? La mtengo?"

"Bala ndi bala, bwana. Ine si dokotala. Pamalopo pali miyala."

"Nanga munadziwa bwanji kuti ndi Msilamu?"

Che Wadi anayang'ana Cathy, kenako n'kutsitsa mawu. "Ndevu. Komanso posambitsa tinaona kuti ndi wodulidwa. Tinati uyu ndi wathu."

"Che Wadi, masiku ano amadula kuchipatala. Ndi abusa omwe."

"Zimenezo mukanabwera kudzatiuza Lachitatu, bwana. Tinakuimbirani."



"Bambo anga anali mkulu wa mpingo," anatero Cathy. "Amayi anga agona kwathu ku Ntcheu. Pambali pawo tinasiya malo. Ananena okha kuti akufuna kudzagona pamenepo. Ndabwera kudzawatenga."

"Mama, pepani. Amene tamuika sitimufukula. Tinamusambitsa, tinamupempherera ngati m'bale wathu. Sitinamutaye ayi."

"Chabwino. Ndionetseni manda."

"Akazi salowa."

Anamuperekeza mpaka kumapeto kwa munda wa chinangwa, pomwe pamayambira manda. Che Wadi analoza ndi ndodo. Cathy anaona milu itatu ya dothi lofiira, yonse yatsopano, yopanda dzina. Anafunsa kuti ndi uti. Che Wadi anati wapakati. Cathy anaima pamenepo mphindi khumi, kenako anabwerera kumsewu.

Sajeni anali akutembenuza kapampu kaja m'manja. "Aka n'ka ana?"

"Njinga yawo silola pampu ina," anatero Cathy. "Valavu yake ndi yopyapyala ngati msomali. Lachiwiri lomwelo ankadandaula kuti tayala lakumbuyo likuphwa pang'onopang'ono. Ankalipopa m'mawa uliwonse."

"Ndiye amene watenga njingayo sakukwera. Akukankha."

Cathy anabwerera kuntchito Lamlungu. Sajeni Tikhala anabwereka njinga yakapalasa ya mlonda wa pasukulu, n'kuyamba kuyendera okonza njinga a mumsewu wa Makanjira. Awiri oyamba sanaone kanthu. Wachitatu anali Sadik, amene amakonzera pansi pa mtengo wa mango pa mphambano ya Chipanje, pomwe njira yopita kumapiri imapatuka. Atangoona chithunzi anaponya sipanala pansi.

"Njinga yodzikuza ija! Bwana, zaka 19 ndikukonza njinga, sindinanyozedwepo ngati Lachitatu lija. Pampu yamanja, yakana. Yamwendo, yakana. Ndinamanga ndi legeni pavalavu, mpweya ukungotulukira m'mbali, fyuu! Anthu a kabaza kundiseka kuti che Sadik ukadaulo watha."

"Simunaike chubu china?"

"Chilowera pati? Bowo la pa limu ndi laling'ono. Kukula kwa tayala nakonso n'kwina. Chubu chake ndinamata bwinobwino, koma mpweya ulowe bwanji? Mwini wakeyo anangochipinda n'kuika m'thumba. Tayala tinalipakira udzu."

"Mwini wake ndani?"

"Wa usipa uja. Amagula kunyanja n'kukagulitsa m'maesiteti a fodya cha ku Namwera. Wamfupi, Chichewa chake n'cha ku Mulanje. Dzina sindilidziwa." Sadik anapukuta manja pa buluku. "Ine ndinadabwa ndithu. Sabata yapitayo njinga yake inathyoka felemu pompano. Ndinamuuza kuti iyi yafa, kaikeni. Anakhala pamwala apo tsiku lonse, usipa ukuwola m'dengu. Lachitatu n'kubwera ndi njinga ya magiya 27?"

"Munamufunsa?"

"Anati mlamu wake wamutumizira kuchokera ku Joni. Aliyense kuno ali ndi mlamu ku Joni, bwana."

"Analowera kuti?"

Sadik analoza njira ya kumapiri, yopita ku Katuli.

Sajeni anafika ku Katuli Lolemba pa 21, nthawi ili 4 koloko madzulo, atakankha njinga theka la ulendo. Malire a Mozambique ali pafupi. Ankadziwa kuti njingayo ikangowoloka, nkhani yatha. Koma ankadziwanso kuti palibe amene angagule njinga yosalowa mpweya.

Pamsika panali wokonza njinga wamkulu mmodzi, Mustapha. Anati munthuyo anabwera Lachisanu, ndipo pampu zake zonse zinakana. Komwe amakhala sankakudziwa.

Sajeni anatulutsa kapampu kaja. "Aka mukapachike poonekera. Muuze anyamata a kabaza kuti mwapeza pampu ya njinga zakunja kuchokera ku Mangochi. Basi. Za ine musatchule."

"Akadzadziwa kuti ndamugulitsa ndine?"

"Adzakhala ali kutali."

"Abale ake sadzakhala kutali, bwana."

"Mwini njingayo anali wamsinkhu wa bambo anu. Anamupeza mumtsinje wopanda nsapato."

Mustapha anatenga kapampuko n'kukapachika pa msomali.

Lachiwiri munthuyo sanabwere. Lachitatu sanabwere. Sajeni ankakhala pa benchi atavala malaya wamba, atagwira gudumu lopindika ngati akudikira kuti amuwongolere masipoko. Ankagona pansi m'kalasi.

Lachinayi pa 24, nthawi ili 9:20 m'mawa, munthu wamfupi anafika atasenza thumba. Njinga sanabwere nayo. M'thumbamo anatulutsa gudumu lakumbuyo lokha, ndi chubu chopinda. Kumapazi anali atavala nsapato zotuwa zomukulira, zomangidwa mothinitsa.

"Akuti mwapeza mankhwala ake, achimwene?"

"Tiyese," anatero Mustapha.

Anachotsa udzu, analowetsa chubu, n'kulumikiza kapampu. Kanagwira valavu osataya mpweya. Tayala linayamba kudzuka. Munthuyo analidina ndi chala chachikulu n'kuseka, mano onse pamtunda.

"Mulungu alipo. Kapampuka mundigulitse."

"Kali ndi mwini wake," anatero sajeni ali pa benchi.

"Ndani?"

"Munamusiya mu Lukolo."

Munthuyo anataya gudumu n'kuliyatsa liwiro. Nsapato imodzi inavuka pa ngalande. Anyamata a kabaza anamugwira kuseri kwa chigayo, ndipo pomwe sajeni ankafika anali atamung'amba kale mlomo. Wina anali akufunsa petulo. Sajeni anakweza chiphaso chake m'mwamba, n'kuima chomutangadza munthuyo mpaka anthu anabwerera m'mbuyo. Anamumanga unyolo 9:34.

Dzina lake anali Davide Kholowa, wa zaka 34. Ankachita lendi kachipinda kuseri kwa esiteti ina, ndi mkazi ndi ana atatu. Njinga sajeni anaipeza pansi pa mphasa, theka Davide ataipaka kale penti yakuda. Tenti anali ataidula pawiri: chidutswa china anatsekera denga lodontha, china anavundikira dengu la usipa. Zikwama zinayi zinalipo, kasitovu kophikira, chofunda, ndi foni yopanda khadi.

Sajeni anamufunsa ku Likoloma Lachisanu m'mawa.

"Unafika mu Lukolo nthawi yanji?"

"Cha m'ma 2 koloko masana, Lachiwiri. Ndinkachokera kunyanja wapansi. Ndinapatuka kuti ndipume pamthunzi."

"Unapeza chiyani?"

"Mdala ali chagada. Atafa kale."

"Unadziwa bwanji kuti wafa?"

"Ndinamuitana katatu."

"Bala la kunkhongo?"

"Sindinamutembenuze, bwana."

"Munthu wafa, iwe n'kuzula tenti, kupinda, kumanga zikwama zinayi, kumuvula nsapato. Zimenezo zimatenga ola lathunthu."

"Zinatengadi."

"Osauza aliyense?"

"Ndikanauza, akanati ndine. Ngati mmene mukuneneramu." Davide anapukuta mlomo wotupa ndi phewa. "Njinga yanga inafa, bwana. Popanda njinga, ine ndi ana anga ndife maliro. Mdalayo inali isakumuthandizanso kanthu."

Anamufunsa masiku atatu. Mawu ake sanasinthe.

Cathy anafika Lamlungu pa 27 kudzazindikira katundu. Anapempha kuti amuone munthuyo. Sajeni anamulola mphindi zisanu, pazenera la chitokosi.

"Ndine mwana wawo," anatero Cathy. "Sindinabwere kudzakutukwanani. Ndikufuna chinthu chimodzi. Pomwe munkawavula nsapato, ankapuma?"

Davide anayang'ana pansi. "Ine ndinali kumiyendo, achemwali. Kumutu sindinafikeko."

"Mapazi anali ofunda?"

"Mchenga unali wotentha. Chilichonse chinali chofunda."

Panja, sajeni anamuuza zoona. Popanda dokotala kupima mtembo, panalibe wonena ngati a Masiye anamenyedwa, kapena anachita chizungulire ndi kutentha n'kugwera pamwala. Mankhwala a m'thumba lawo ankathandiza Davide kuposa mboni iliyonse. Zovala zinachapidwa. Pamchenga panaponda mudzi wonse. Umboni wokha womwe unatsala unali pansi pa dothi ku Nakawale.

Lolemba pa 28 sajeni analemba kalata yopempha chilolezo chofukula manda. Akuluakulu a mumzikiti analemba yawo yokana. Dokotala wopima mitembo ankayenera kuchokera ku Blantyre, ndipo galimoto yomubweretsa inkayenera kukhala ndi mafuta.

Pa 7 Novembala, Davide Kholowa anaonekera m'bwalo la milandu. Mlandu wake unali wakuba. Anauvomera. Anamulamula kukagwira ukaidi miyezi 18. Mlandu wonse unatenga mphindi 25. Dzina la Nathaniel Masiye linatchulidwa kamodzi, ngati mwini katundu.

Loweruka pa 23 Novembala, Cathy anapitanso ku Nakawale kukapempha akuluakulu aja. Anamulandira bwino, anamupatsa madzi akumwa, anamukaniranso. Akudikira lole pamsewu, Alima anamulondola. Anayang'ana uku ndi uku, n'kumasula mfundo ya chitenje. Anatulutsa makapu awiri achitsulo, ina yaikulu, ina yaing'ono.

"Awa ndi a bambo anu, mama. Anali pamwala, kuseri kwa mkuyu. Anzanga atapita kumzikiti ndinawatola. Ndinawaona okongola. Chiyambire sindigona bwino."

Cathy anawalandira. Ankawadziwa.

"Anali m'chikwama?"

"Ayi, pamwala. Ina uku, ina uku, ngati anthu anakhala moyang'anizana."

"Munali chiyani?"

"Masamba a tiyi. Nyerere zinali zitadzaza."

"M'kapu iti?"

"Onse awiri."

Cathy anakhala pansi m'mbali mwa msewu. Bambo ake ankamwera kapu yaikulu. Yaing'onoyo sankaitulutsa ali okha. Inali ya munthu aliyense wodutsa amene amuitana kuti apume pamthunzi.

"Munawatsuka?"

"Tsiku lomwelo, mama. Ndi mchenga."

Sajeni Tikhala analemba mawu a Alima pa 25 Novembala. Pa 27 anakwera lole kupita kundende. Anaika makapuwo patebulo. Davide anawayang'ana nthawi yaitali.

"Unamwa tiyi ndi mdala uja?"

"Mlandu wanga unatha, bwana."

"Ndikufunsa za tiyi."

"Msewu umenewo umadutsa anthu ambiri."



Mvula yoyamba inagwa pa 6 Disembala. Lukolo anadzaza, n'kudula msewu. Che Wadi anatumiza uthenga kwa sajeni kuti milu itatu ija yaphwa, koma wapakati akuukumbukirabe. Che Wadi ali ndi zaka 79.

Kalata ya pa 28 Okutobala sinayankhidwe. Mu fayilo ya Nathaniel Masiye, mzere wa chomwe chinamupha ndi wosalembedwa. Amene anamwera kapu yaing'ono sakudziwika.